Madonasi a sinamoni ndi shuga kunyumba: kukazinga, kuwotcha mu uvuni, kapena pa mbaula?

Donasi ya sinamoni ilibe zokometsera zambiri. Pamwamba palibe chokoleti, m'kati mulibe jamu. Ndi ufa wa tirigu, bowo pakati, ndi shuga wosakaniza ndi sinamoni womatirira mbali zonse. Poti zinthu zake n'zochepa chonchi, cholakwika chilichonse chimaonekera msanga. Shuga akakana kumatirira n'kutsalira pansi pa mbale, mwangotsala ndi banzi wamba wokhala ndi bowo. N'chifukwa chake ine ndikamayerekeza njira zophikira madonasi amenewa, ndimayamba ndafunsa kuti donasi ikachoka pamoto, khungu lake likhala ndi chiyani chogwira shuga. Shuga wouma sagwira pa chinthu chouma. Amafuna kamafuta kapena kachinyezi, komanso amafuna kuti donasiyo ikhale yofunda. Njira iliyonse ili ndi yankho lake pa nkhani imeneyi, ndipo yankholo ndi limene limakuuzani ndalama zimene muwononge, mafuta amene mudye, ndi maola amene madonasiwo akhale akukoma.

Mitanda ilipo iwiri: wofufumitsa ndi baking powder, ndi wofufumitsa ndi yisiti. Pophikira pali mafuta otentha m'poto, uvuni wa magetsi kapena wa gasi, mbaula ya makala, ndi air fryer, kauvuni kamagetsi kophika ndi mpweya wotentha, kwa amene ali nako. Si mtanda uliwonse umene umagwirizana ndi moto uliwonse, ndipo ambiri amakhumudwa pamenepa, atatenga mtanda wa njira ina n'kuuphikira pa moto wa njira ina.

Okazinga a baking powder

Ndiyambe ndi amene ndimawaika patsogolo pa onse. Amene amadziwa kukazinga mandasi ali kale pakati pa ulendo, kungoti mtanda wa donasi umakhala ndi mazira, batala ndi shuga wochulukirapo, ndipo umapyapyalitsidwa n'kudulidwa m'malo mouponya m'mafuta ndi dzanja kapena supuni.

Pa makapu 3 a ufa wa tirigu (kapu ya mamililita 250) thirani theka la kapu ya shuga, masupuni aang'ono 2 a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya soda, supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ndi ka nutmeg (chokometsera zakudya chonunkhira) kongotsina ndi zala. Mu mbale ina menyani mazira 2, muthiremo masupuni aakulu 3 a batala kapena majarini wosungunula, ndi chambiko chosadzaza kapu, magawo atatu mwa anayi. Chambiko ndi chimene chimapatsa madonasi amenewa kufewa kwake. Kuwawasa kwake kukakumana ndi soda kumatulutsa mpweya umene umatukumula mtanda, ndipo kuwawasako kumachepetsa kutsekemera kwa shuga wakunja kuti asafike pokola. Ngati chambiko palibe, thirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu mu mkaka wamba, mudikire mphindi 10 kuti uyambe kudukaduka. Mukagwiritsa ntchito mkaka wosawawasa, siyani soda, muwonjezere baking powder afike supuni yaikulu imodzi. Soda wopanda chowawasa chomuthetsa mphamvu amasiya kafungo ka sopo m'kamwa.

Mtanda uwu sukandidwa. Sakanizani mpaka ufa wouma usiye kuoneka, basi. Mukaukanda kwambiri, ufa wa tirigu umayamba kutanuka ndi kulimba, ndipo donasi imatuluka yovuta kutafuna. Ukhale womata pang'ono m'manja. Uvundikireni mphindi 20 kapena 30 pamalo pozizira, kenako muwaze ufa pa tebulo, muupyapyalitse ndi botolo loyera mpaka ukhale wochindikala pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Chodulira cha kusitolo n'chosafunikira kwenikweni: tambula imadula bwino kunja, chitsekerero cha botolo chimadula bowo. Tizidutswa ta pabowo musataye, timakazingika bwino kwambiri ndipo ana amatikonda kuposa madonasi enieniwo.

Bowolo lili ndi ntchito. Mtanda wokhala ndi mazira ndi shuga wambiri umafiira kunja msanga pakati pasanapse, ndiye bowo limapatsa mafuta njira yofikira pakatipo. Ku America amasimba kuti woyendetsa sitima za pamadzi wa ku Maine, Hanson Gregory, ndiye anayamba kuboola madonasi mu 1847 chifukwa chotopa ndi pakati posapsa. Anafotokoza zimenezi ndi iye mwini atakalamba, choncho nkhaniyo ndi yake, koma chifukwa chimene anapereka n'choona ndithu ndipo aliyense wokazinga amachidziwa.

Mafuta akhale akuya masentimita 5 kapena kuposerapo, kuti donasi iziyandama osakhudza pansi. M'poto waung'ono wakuya, lita imodzi imakwana. M'chiwaya chachikulu chotambalala mungafune ambiri popanda phindu lililonse. Kutentha koyenera ndi madigiri 175 mpaka 180. Popanda choyezera, ponyani kachidutswa ka mtanda. Kamire pang'ono, kabwerere pamwamba m'masekondi ochepa kakutulutsa thovu mbali zonse, ndipo kafiire pakatha pafupifupi mphindi imodzi. Kakakhala pansi phee, mafuta sanatenthe, ndipo donasi idzamwa mafuta n'kulemera. Kakada nthawi yomweyo, kapena mafuta akayamba kufuka utsi, chotsani poto pamoto kaye. Ikani madonasi atatu kapena anayi nthawi imodzi, chifukwa mtanda wozizira ukachuluka umatsitsa kutentha kwa mafuta. Mbali iliyonse imafuna mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka.

Ubwino waukulu wa njirayi umaoneka apa. Donasi ikavuulidwa, khungu lake limakhala lokakala, lili ndi timing'alu, ndipo likunyezimira ndi mafuta. Iikeni pa sefa kapena pa pepala loyera kwa masekondi 30 mpaka mphindi imodzi kuti mafuta owonjezera adonthe, kenako muigubuduze mu shuga ikadali yotentha moti mukuigwira mofulumira. Shuga amalowa m'timing'alu tija n'kukhazikika, sinamoni amakhudzana ndi mafuta otentha n'kutulutsa fungo lake lonse. Sipafunika batala wopaka, sipafunika burashi. Mukafulumira kwambiri, mafuta amanyowetsa shuga yense m'mbale n'kupanga mibulu. Mukachedwa mpaka izizire, shuga amangoyoyoka. Mpata wake ndi waufupi, ndiye ndi bwino kukhala awiri, wina pa poto wina pa mbale ya shuga.

Kuipa kwake ndi mafuta. Lita ya mafuta ophikira si ndalama yochepa masiku ano, ngakhale ambiri amatsala ndipo akazizira mutha kuwasefa pa kansalu koyera n'kuwasunga kuti mudzakazingirenso. Akada, akayamba kuchita thovu lokha kapena kununkha, atayeni. Ndipo mafuta otentha si oseweretsa: ana akhale kutali, chogwirira cha poto chiloze kukhoma, ndipo moto ukagwira mafuta musathire madzi, vundikirani ndi chivundikiro n'kuzimitsa moto wapansi.

Okazinga a yisiti

Awa ndi aja opepuka, ofewa, amene ukawafinya ndi chala amabwerera. Ndi amene makampani ngati Krispy Kreme, imene inayamba mu 1937 ku Winston-Salem m'dziko la America, anatchuka nawo. Kukoma kwake palibe wotsutsa, koma amafuna nthawi ndi chidwi.

Pa magalamu 500 a ufa, omwe ndi pafupifupi makapu 4, mumafuna kapaketi kamodzi ka yisiti wouma ka magalamu 10, masupuni aakulu 4 a shuga, supuni yaing'ono ya mchere, kapu ya mkaka wofunda, dzira limodzi, ndi magalamu 60 a batala kapena majarini wofewa. Mkaka ukhale wofunda moti chala chikhoza kukhalamo osamva kuwotcha. Yisiti ndi wamoyo, ndipo kutentha kukafika cha m'ma madigiri 60 amafa, mtanda osafufuma ngakhale mutadikira tsiku lonse. Mosiyana ndi mtanda woyamba uja, uwu umafuna kukandidwa ndithu, mphindi 10 ndi manja, mpaka usalale ndipo ukamakokedwa uzitanuka osaduka msanga. Kenako ufufume mu beseni lovundikira mpaka kukula kwake kuwirikize, mupyapyalitse, mudule, ndipo madonasi odulawo afufumenso mphindi 30 mpaka 45 asanalowe m'mafuta.

Nthawi yofufumira imatengera nyengo. Mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima, mtanda ukhoza kukhala utakonzeka ola lisanathe, ndipo mukauiwala umapitirira, n'kuyamba kununkha ngati mowa ndi kuphwa mukangougwira. Mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu ungatenge maola awiri, ndipo umafuna kuikidwa padzuwa utavundikiridwa kapena pafupi ndi mbaula. Choncho musamadalire wotchi yokha. Dinani donasi yodula ndi chala mopepuka: pamene mwadinapo pakabwerera pang'onopang'ono n'kutsala kachizindikiro, yakonzeka.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Sinamoni amafooketsa yisiti. Mafuta amene amapatsa sinamoni fungo lake amalimbana ndi tizamoyo ta mtundu wa nkhungu, ndipo yisiti ali m'gulu lomwelo. Mukathira sinamoni wambiri mu mtanda poganiza kuti mukuwonjezera kukoma, mtandawo umachedwa kufufuma kapena umafufuma mopereweza. Mu mtanda wa yisiti, sinamoni asungireni kunja. Mu mtanda wa baking powder mutha kuthiramo theka la supuni yaing'ono popanda vuto.

Kazingani pa moto wocheperako pang'ono, madigiri 170 mpaka 175, mphindi imodzi mbali iliyonse. Donasi ya yisiti yofufuma bwino imayandama pamwamba kwambiri, moti pakati pake pamatsala mzere woyera wozungulira pamene mafuta sanafikepo bwino. Mukaona mzere umenewo, dziwani kuti mtanda munaukonza bwino. Donasi yopanda mzerewu, yofiira paliponse ndi yolemera m'manja, sinafufume mokwanira.

Nanga pa nkhani ya shuga? Khungu la donasi ya yisiti ndi losalala, choncho limagwira shuga wochepa kuyerekeza ndi la baking powder, ndipo limafuna shuga wosalala kwambiri. Kwa ena umenewu ndi ubwino, poti sakonda zotsekemera kwambiri. Kwa ine, donasi ya yisiti imayenerana kwambiri ndi shuga wosungunula wothira pamwamba kapena jamu m'kati, pamene sinamoni amamveka bwino pa khungu lokakala. Kuyambira pokanda mpaka podya, konzekerani maola atatu. Ndi ntchito ya Loweruka kapena ya tsiku limene mukuyembekezera alendo, osati ya m'mawa ana akuthamangira kusukulu.

Owotcha mu uvuni

Iyi ndi njira imene yafala kwambiri pa intaneti, ndipo ndiyenera kunena chilungamo: donasi yowotcha mu uvuni ndi keke yaing'ono yokhala ndi bowo. Ndi yokoma, ndi yosavuta, koma amene akuyembekezera kukoma kwa chinthu chokazinga adzaona kusiyana pa kuluma koyamba. Kunja kwake n'kofewa ngati m'kati momwe.

Mtanda wake ndi wamadzimadzi, wothira osati wodula. Makapu 2 a ufa, theka la kapu ya shuga, masupuni aang'ono 2 a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya mchere, theka la supuni yaing'ono ya sinamoni, ka nutmeg, mazira 2, masupuni aakulu 3 a batala wosungunula, ndi mkaka magawo atatu mwa anayi a kapu. Nutmeg musamusiye ngati mungamupeze, chifukwa m'madonasi owotcha ndi iye amene amabweretsa kafungo kamene anthu amakazindikira kuti n'ka donasi. Sakanizani zouma pazokha, zamadzi pazokha, muphatikize mosavundula kwambiri. Thirani mtandawo m'kathumba kapulasitiki koyera, mudule kona imodzi, mufinyire mu thireyi yopaka mafuta, osadzaza mpaka pamwamba. Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 180, ndipo mphindi 10 mpaka 12 zimakwana. Muyeso umenewu umatulutsa madonasi pafupifupi 12.

Thireyi ya madonasi, yokhala ndi kamutu pakati pa dzenje lililonse, sipezeka m'sitolo iliyonse. Thireyi ya makeke aang'ono imagwira ntchito: pindani pepala la aluminiyamu likhale ngati kachala, mulipake mafuta, muliimike pakati pa dzenje, mtanda muthire mozungulira. Kapena iwalani za bowo, muwotche timakeke tozungulira n'kutigubuduza mu shuga. Mu uvuni moto umafika pang'onopang'ono, ndiye pakati pamapsa ngakhale popanda bowo. Bowo la donasi yowotcha ndi longokongoletsa.

Tsopano funso lija la shuga. Donasi yochoka mu uvuni imakhala youma kunja, ndipo shuga sangagwire. Muyenera kusungunula batala, magalamu 60 kapena kuposerapo pa madonasi 12, n'kupaka kapena kuviika iliyonse mbali zonse ikadali yofunda, kenako n'kuigubuduza mu shuga. Anthu amasankha uvuni pothawa mafuta, koma mafuta ena amabwerera kudzera pa batala ameneyu. Amachepa ndithu kuyerekeza ndi donasi yokazingidwa m'mafuta ozizira imene yamwa mafuta, koma kusiyana kwake ndi donasi yokazingidwa bwino si kwakukulu monga mmene ambiri amaganizira, ndipo shuga ndi yemweyo. Amene dokotala anawaletsa shuga, uvuni suwathandiza kanthu.

Batala weniweni amakoma kuposa majarini pa ntchito imeneyi, chifukwa pano sakubisika m'kati mwa mtanda, ali pakhungu penipeni pamene lilime likuyambira. Koma batala ndi wodula. Ngati mukugwiritsa ntchito majarini, werengani pa chikutiro kuchuluka kwa mafuta ake. Batala amakhala ndi mafuta pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse. Majarini wofewa wopaka pa buledi nthawi zambiri amakhala ndi mafuta ochepa ndi madzi ambiri, ndipo madziwo amasungunula shuga, donasi n'kukhala yonyowa ndi yomata. Sankhani majarini wolimba wophikira makeke.

Zimene uvuni umapambana nazo n'zoonekeratu. Mphindi 30 zokha zonse zatha, madonasi onse amapsa nthawi imodzi, palibe mafuta othovukira m'manja, khitchini sinunkha, ndipo mwana wa zaka 10 akhoza kuthandiza pafupifupi pa chilichonse. Choopsa chake chachikulu ndi magetsi kuthima madonasi ali m'kati. Mtanda wa baking powder ukayamba kutukumuka kenako kutentha n'kutsika, umaphwa ndipo sudzukanso. Magetsi akathima patatsala mphindi zochepa, musatsegule chitseko, kutentha kotsalako kumamaliza ntchito. Ngati kwanu magetsi sadalirika, yatsiranitu makala pambali.

Pa mbaula

Amene anaphikapo chigumu amadziwa kuti uvuni si wa magetsi wokha. Poto wamkulu wokhala ndi mchenga woyera wouma pansi, thireyi kapena timakapu tachitsulo pamwamba pa mchengawo, chivundikiro chachitsulo, makala ochepa pansi ndi ochulukirapo pamwamba: umenewo ndi uvuni wokwanira kuwotcha mtanda wa madonasi uja. Mchenga umagawa kutentha kuti pansi pasapserere. Tenthetsani potoyo mphindi 10 musanaikemo kanthu, ndipo muyembekezere kuti zitenga nthawi yotalikirapo, mwina mphindi 15 mpaka 20. Bayani ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, zapsa. Potsegula samalani phulusa lisagwere m'kati, ndipo musamatsegule pafupipafupi.

Njirayi imatheka, koma ndinene maganizo anga. Ngati makala mwayatsa kale ndipo mafuta muli nawo, kazingani. Mbaula imakazinga bwino kuposa mmene imawotchera, chifukwa mafuta mumawaona ndipo akatentha kwambiri mumangochotsa poto kapena kuphula makala ena, pamene m'poto wovundikira simuona chimene chikuchitika. Kuwotcha pa mbaula n'kwa tsiku limene mafuta ali ochepa. Ndipo kaya mukukazinga kaya mukuwotcha, mbaula ikhale panja kapena pakhonde podutsa mphepo. Mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha, ndipo sununkha kuti ukuchenjezeni.

Air fryer

Makina amenewa, amene kampani ya Philips inawaonetsa koyamba mu 2010, ndi kauvuni kakang'ono kokhala ndi fani yozunguza mpweya wotentha. Sakazinga. Mtanda wamadzimadzi sungaikidwe m'dengu lake popanda chikombole, choncho umene umagwirizana nawo ndi wa yisiti. Pakani madonasi mafuta pang'ono mbali zonse, muwaike motalikirana, madigiri 175 kwa mphindi 5 kapena 6. Amatuluka ngati mabanzi ofewa, ndipo nawonso amafuna batala kuti shuga agwire. Kwa munthu wokhala yekha m'kachipinda ku Johannesburg kapena ku Leeds m'dziko la England, amene akufuna madonasi anayi popanda kununkhitsa nyumba yonse mafuta, ndi njira yabwino. Kwa banja la anthu asanu ndi atatu, mudzatopa ndi kubwereza, oyamba atazizira kale.

Sinamoni uti, shuga uti

Sinamoni ndi khungwa la mtengo, ndipo amene amagulitsidwa ndi wa mitundu iwiri ikuluikulu. Wa Ceylon amachokera makamaka ku Sri Lanka, dziko limene linkatchedwa Ceylon mpaka 1972. Timitengo take ndi ta makungwa opyapyala ambiri okulungidwa pamodzi, totuwirako, tophwanyika ndi zala. Kasiya amachokera ku China, Indonesia ndi Vietnam. Khungwa lake ndi limodzi, lochindikala, lofiirira moderako, lolimba moti kulisinja mu mtondo ndi ntchito. Sinamoni waufa wambiri wa m'masitolo, ngati paketi sinalembedwe kuti Ceylon, amakhala kasiya.

Pa madonasi ndimasankha kasiya. Fungo lake ndi lamphamvu ndipo amaluma pang'ono pa lilime, choncho amamveka pakati pa mafuta ndi shuga. Wa Ceylon ndi wofatsa, wonunkhira mwaulemu, wodula, ndipo pa donasi yokazinga amatha kuzimirira pokhapokha mutawonjezera muyeso. Koma kasiya ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa coumarin ochuluka, amene akamadyedwa ambiri tsiku ndi tsiku amatha kuvutitsa chiwindi mwa anthu ena. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linaika malire a mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu pa tsiku. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi mamiligalamu 6, amene angapezeke mu kasiya wosadzaza supuni yaing'ono. Malirewa ndi a kudya kwa masiku onse kwa nthawi yaitali, choncho madonasi a pa Sabata si nkhani yodetsa nkhawa. Amene amamwa kale sinamoni mu tiyi m'mawa uliwonse, kapena amene amaphikira ana aang'ono kawirikawiri, ndi amene angachite bwino kufunafuna wa Ceylon m'masitolo a zokometsera zakudya.

Chofunika kuposa mtundu ndi ukale wake. Sinamoni waufa amataya fungo akakhalitsa, makamaka m'kabotolo kosatsekedwa bwino pafupi ndi moto. Tsinani pang'ono, mutikite pachikhatho, mununkhize. Ngati fungo likuchita kufunidwa, gulani wina. Gulani wochepa nthawi imodzi, ndipo pamsika pewani amene wakhala padzuwa m'timapepala toonekera.

Muyeso wabwino woyambira ndi supuni yaikulu imodzi ya sinamoni pa theka la kapu ya shuga, ndi kamchere kongotsina. Kamchereko musakaiwale, kamadzutsa kukoma konse. Sinamoni akachuluka kuposa pamenepo amayamba kumveka ngati fumbi ndi kuuma pakhosi.

Shuga amene timagula m'mapaketi, woyera kapena wabulawuni, kaya ndi wochokera ku Nchalo kaya ku Dwangwa, ali ndi timiyala tokulirapo, tolemera, timene timagwa donasi ikangogwedezeka. Musinjeni pang'ono mu kamtondo koyera kapena mumuzungulitse masekondi ochepa m'makina opera, asafike pokhala ufa. Shuga wa timiyala ting'onoting'ono, amene m'masitolo amalembedwa caster sugar, ndi yemweyo wosinjidwa kale, pa mtengo wokwera. Wabulawuni amawonjezera kakomedwe ka nzimbe kamene kamayenda bwino ndi sinamoni, ndipo kusakaniza theka woyera theka wabulawuni kumatulutsa zabwino. Shuga waufa wa makeke, icing sugar, sayenera pano: pa donasi yotentha amasungunuka n'kusanduka madzi omata, sinamoni n'kuoneka ngati matope.

Sakanizani shuga ndi sinamoni musanayambe kukazinga, ndipo mugawe pawiri. Mbale yoyamba ikanyowa ndi mafuta n'kuyamba kuchita mibulu, tengani yachiwiri. Kugubuduza m'mbale yakuya kumateteza donasi kuposa kuikhutchumula m'thumba, makamaka yowotcha mu uvuni imene imanyenyeka msanga.

Nanga musankhe iti?

Ngati mukufuna donasi ya sinamoni yokoma koposa pa ndalama ndi nthawi yapakatikati, kazingani ya baking powder ndi chambiko. Ola limodzi limakwana, sifuna magetsi, sifuna chipangizo chimene mulibe, ndipo shuga amagwira yekha. Ngati muli ndi uvuni wodalirika, ana akufuna kuthandiza, kapena mumaopa mafuta otentha, wotchani, koma gulani batala wabwino chifukwa kukoma kwake kwagona pamenepo. A yisiti ndi a tsiku lopuma, komanso ndi amene angakomere wochita bizinesi, chifukwa ufa womwewo umatulutsa madonasi ooneka aakulu ndipo safuna mazira ndi shuga wambiri m'kati.

Wogulitsa, kapena wopakira ana kusukulu, ali ndi vuto lina limene njira zonsezi zimagawana. Shuga amakoka chinyezi. Madonasi ofunda akatsekeredwa mu bigili kapena m'thumba lapulasitiki, nthunzi imabwerera pa iwo, shuga amasungunuka, ndipo pofika masana amakhala omata ndi oterera. Asiyeni azizire kotheratu pa sefa, pamalo podutsa mphepo, musanawaike m'chotengera. Yalani pepala loyera pansi ndi pakati pa mizere, ndipo chivundikiro chisatsekedwe mothina. M'nyengo ya mvula, pamene mpweya uli ndi chinyezi chambiri, tengani shuga wa sinamoni wina wouma m'kabotolo kuti muwazenso pogulitsa.

Pa kukhalitsa, a yisiti ndi amene amafulumira kuuma, ndipo ndi bwino kuwadya tsiku lomwelo. Okazinga a baking powder amafika mawa lake akadali bwino ndi tiyi. Owotcha mu uvuni amatha masiku awiri m'chotengera chotseka, ngakhale shuga wake amakhala atalowa m'batala ndipo saonekanso. Mufiriji musaike, chifukwa kuzizira kumaumitsa zakudya za tirigu msanga. Ngati muli ndi firiza ndipo mukufuna kusunga ambiri, sungani osapaka shuga. Tsiku lodya muwatenthetse mphindi 5 mu uvuni kapena pa chiwaya chouma chovundikira, mupake batala pang'ono ngakhale akhale okazinga, n'kuwagubuduza mu shuga watsopano akadali ofunda.